Amasi a Magetsi a Che Bwanali

Lamlungu lapitali tinachita sadaka ya masiku makumi anayi ya amalume anga, Che Bwanali, kunyumba kwa mwana wawo ku Sizinda. Ashehe anawerenga, amuna anadya mpunga pabwalo, ife akazi tinatsuka miphika mpaka zala kuchita makwinya. Aliyense amene anaimirira kuyankhula anati malemuwo anali munthu wofatsa. Ine chamumtima ndinangoti, anthuni, mukunena Che Bwanali ake ati? Amalume anga sanali ofatsa. Anali munthu wa liuma, wonyadira ntchito ya manja ake, woti ukamenyetsa chitseko mkaka wake uli m'makina ankakuyang'ana mpaka uiwale chimene wadzera. Ndinkawakonda kwambiri, n'chifukwa chake ndikufuna ndiwalembe mmene analili, anthu asanamalize kuwasalaza.

Anali alongo awo a malemu mayi anga. Anachoka kwawo ku Namwera ali mnyamata wopanda ndevu, nafika kuno ku Bulawayo mapazi atatupa. Anayamba ndi kusenda mbatata kuseri kwa hotela, kenako anakhala khukhi wa banja lina la azungu ku Hillside kwa zaka zoposa makumi atatu, akugona m'kachipinda ka kumbuyo pafupi ndi poyanika zovala. Akazi awo anamwalira Yusufu, mwana wawo yekhayo, adakali pasukulu. Chichewa chawo chinkanunkhira Chiyao, ndipo Chindebele sanachigwire mpaka kufa. Ankangochiponyaponya chosakaniza ndi Chilapalapa, chiyankhulo cha mabwana ndi antchito, womva adzipezere yekha mutu wake.

Ufulu utangobwera, azungu aja analongedza n'kulowera ku Joni. Mwa akhukhi anzawo a mumsewu womwewo, wina anasiyiridwa njinga, wina wailesi. Amalume anatsika basi ku Sizinda ndi sutikesi imodzi ndi kabokosi. M'kabokosimo munali makina opangira yogati: kachinthu kapulasitiki kotalika ngati mkono, kokhala ndi maenje asanu ndi limodzi okhazikamo timabotolo tagalasi, pamwamba chivundikiro, kumbali chingwe cha magetsi ndi kanyali kofiira. Ine nditaona ndinapsa mtima, poti pakamwa panga sipachedwa.

"Amalume, mwakalambira pa mbaula ya eni, mapeto ake akupatsani timabotolo?"

"Iwe Asiyatu," anatero, "dona anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinaloza ndekha."

Anapisa dzanja m'thumba la mkati mwa jekete n'kutulutsa kabotolo kokulungidwa mu mpango, komangidwa ulusi wofiira pakhosi. Mmenemo munali mbewu. Anandifotokozera, ngati akufotokozera chitsiru, kuti mkaka susanduka yogati pawokha. Pamafunika supuni imodzi ya wakale kuti idzutse watsopano, watsopanoyo n'kusiyanso supuni ya mawa. Mbewu yawoyo anati anaipempha kwa mayi wina wachigiriki Yusufu asanabadwe, makina asanabwere, nthawi imene ankafunditsa mkaka ndi bulangete pambali pa mbaula. M'kabotolo ka ulusi wofiira simunkalowa supuni ya munthu wakudya, ngakhale ya bwana.

Kapangidwe kawo sikankasintha. Akangomaliza swala, pemphero lawo la m'mamawa, ankawiritsa mkaka, akutakasa kuti usapserere pansi. Ukawira ankauphula n'kudikira. Choyezera kutentha chimene chinabwera ndi makinawo anachiponya m'dirowa. Iwo ankaviika kachala kakang'ono n'kuwerenga mpaka khumi m'Chiyao. Kachala kakathawa asanafike pa khumi ndiye kuti mkaka ukadali wolusa, upha mbewu. Kakapanda kumva kanthu ndiye kuti wachedwa, mbewu igona tulo. Timabotolo ankatitsuka ndi madzi owira, ndipo wina akawatsukira, ankatitsukanso iye akuona. Supuni imodzi ya mbewu, ziwiri za mkaka wa ufa kuti ulimbe, kusakaniza mwaulemu, kuthira, kuvundikira, kuyatsa. Kuyambira pamenepo mpaka swala ya madzulo m'nyumbamo munalibe kukoka tebulo, kudumpha kapena kuvina. Ankati mkaka ukamagwirana sufuna kufunsidwa mafunso, ndipo munthu wovundukula kuti aone ngati zatheka ankamuika m'gulu la anthu ofukula chimanga chimene adzala dzulo. Firiji kunalibe. Timabotolo tinkakhala mu mtsuko wokutidwa chiguduli chonyowa, ndipo pakangodutsa tsiku limodzi ankapanganso, kuopa kuti mbewu ingasase.

Mdani wawo wamkulu, amenenso anali bwenzi lawo lenileni, anali MaDube wa nyumba yoyandikana, gogo wachindebele wosadziwa kunong'ona. Iye anali ndi igula, chipanda chimene Andebele amasasitsiramo mkaka kuti ukhale amasi, chambiko chawo. M'mawa uliwonse ankaima pa waya wa mpanda n'kuyamba dala.

"Wena xhegu, nkhalamba iwe! Amasi ako a magetsi aja apsa?"

"Si amasi amenewa, mayi. Ndi yogati."

"Mkaka wosasa ndi amasi, ngakhale uuveke tayi."

Amalume ankati amasi ndi mkaka wotayiriridwa, wosasa mwamwayi, pamene wawo ndi mkaka woleredwa. MaDube ankati sanaonepo mkaka wofuna kulumikizidwa ku khoma ngati wodwala wa kuchipatala. Ankatha ola lathunthu, wina m'Chindebele, wina m'chiyankhulo chake chosadziwika mtundu chija. Pomaliza kabotolo kankaoloka waya kupita uko, kambale ka amasi n'kuoloka kubwera kuno, ndipo zonse zinkabwerera zopanda kanthu. Palibe anavomerapo kuti za mnzake n'zokoma.

Anthu amene anayamba kufika panyumbapo m'zaka zomalizazi, maso a amalume atachita ng'ala, ankapeza mkazi wa Yusufu, Sibongile, amene timamutcha MaNcube, ndiye akuwiritsa mkaka. Nkhalambayo inatsala ndi ntchito imodzi: MaNcube ankaigwira dzanja n'kulitsogolera ku poto, iyo n'kuviika kachala. Tsiku lonse m'nyumbamo munkangomveka "mwana wanga, mwana wanga," moti alendo ankayesa kuti MaNcube ndiye wobala, Yusufu ndi mkamwini. Sankadziwa kuti anthu awiriwa anatsala pang'ono kusiyana mpaka kalekale chifukwa cha kabotolo ka mkaka, ndiponso kuti wosonkhezera moto wake ndinali ine.

Zinali chonchi. Nyumba ya ku Sizinda inali ya Yusufu, ya kuntchito kwake kunjanji, ndipo pamene amalume ankafika n'kuti iye atangokwatira kumene. Sibongile anali mtsikana wa kumudzi, mbali za ku Kezi, woleredwa mwamwambo, woti apongozi ake akalowa ankagwada n'kuyang'ana pansi. Amalume nawonso analowa m'nyumbamo ndi mantha. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu kuseri kwa nyumba za eni amadziwa msanga pamene sakufunidwa, ndipo nthawi zina amadziwa ngakhale pamene palibe chodziwa.

Tsiku loyamba kuyatsa makina m'nyumbamo, amalume anasankha kabotolo kogwirana bwino koposa, anakaika pa sosala ndi kasupuni pambali, nakapereka kwa mpongozi wawo ndi manja awiri. Analibe china chopereka. Sibongile anagwada, analandira ndi manja awiri, nati, "Ngiyabonga, baba," kuthokoza. Analowa nako kuchipinda. Madzulo kabotolo kanapezeka patebulo kali kodzaza, kasupuni kali kouma.

Amalume anati mwina m'mimba simuli bwino. Anayesanso, nathiramo shuga. Kanabwerera. Anayesa jamu, anayesa nthochi, anasefa magwafa mpaka njere zonse kuchoka. Nthawi zonse kugwada kunali komweko, kuthokoza komweko, kabotolo n'kubwerera kodzaza. Kufunsa sakanafunsa, poti munthu safunsa mpongozi wake za pakamwa. Yusufu atafunsa mkazi wake, iye anangoyang'ana pansi n'kuti, "Kodi simudziwa?" Yusufu, mwana wobadwira m'tauni, sanadziwe, ndipo mwa ulesi wa amuna anangoisiya pomwepo. Kenako tsiku lina masana amalume anatulukira kuseri n'kupeza mpongozi wawo akudya amasi ogula kusitolo, akunyambita ndi supuni yomwe.

Anabwera kudzandiuza ine, ndipo ine ndinali nalo kale yankho.

"Amalume, mukuvutikiranji? Akunyansidwa nanu. Kwa anthu awa ife ndi amaNyasa, anthu opanda kwawo, opanda ng'ombe. A kusitolo adya, a m'manja mwa Mnyasa ayi."

Mawu amenewo ndinakula ndikuwamva, kusukulu ndi kufakitale komwe, ndiye ndinawatulutsa mosakayika. Amalume anandikhulupirira chifukwa ndinanena chimene ankachiopa kale. Mtsikanayo sindinamufunse kanthu ngakhale kamodzi. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Panapita miyezi itatu. Amalume anasiya kupereka kabotolo, anasiya kudyera m'nyumba, ankatenga mbale yawo n'kukakhala pakhonde. Kenako anayamba kufunsafunsa za ulendo wa kumudzi, kumene sanapondeko zaka makumi anayi, kumene onse owadziwa anali kumanda. Anatsitsa sutikesi. Yusufu anachonderera, iwo anangoti nyumba ya banja latsopano sifuna nkhalamba imene mwini khitchini sangadye za m'manja mwake, ndipo sadzalola kuti ukwati wa mwana wawo uphwasuke chifukwa cha iwo. Tonse tinkadziwa kuti akakwera ulendo umenewo sitidzawaonanso. Ananena kuti anyamuka Loweruka.

Lachinayi ndinapita kukawathandiza kulongedza. Atafika pa makina anaima. Ku Namwera kunalibe magetsi. Anawapukuta, anakulunga chingwe, nawanyamula kupita pa waya, ine ndili pambuyo ndi timabotolo.

"Mayi, tengani. Muziseka muli nawo pafupi."

MaDube sanatambasule manja. "Bwanji osasiyira umalukazana wako, mkazi wa mwana wako?"

"Sadya za m'manja mwanga."

"Unamupatsa chiyani kuti adye?"

"Zonse, mayi. Shuga, jamu, nthochi, magwafa."

MaDube anaseka mpaka kugwira mtengo wa mpanda. Kenako anayang'ana nkhope ya amalume, anayang'ana sutikesi pakhonde, kuseka n'kuthera pomwepo.

"Maye! Ndiye miyezi yonseyi mwana wa eni akudikira, inu mukumuthirira jamu? Tamvera, xhegu. Kwathu mkazi wokwatiwa sakhudza amasi a pamudzi pa apongozi ake. Amasi amadyera pamodzi ndi anthu a magazi amodzi. A kusitolo alibe mwini, aliyense adya. Koma a pakhomo, opangidwa ndi dzanja la bambo wa pakhomopo, sangalawe mpaka bamboyo amupatse chiweto n'kumudyetsa yekha, abale ake akuona. Zikatero ndiye kuti wakhala mwana wa pamudzipo. Zisanatero ndi mlendo. Ndipo sangapemphe, angapemphe bwanji? Iwe tsiku ndi tsiku kumutambasulira kabotolo popanda mbuzi, ukuganiza kuti iye amamva chiyani? Amamva kuti ukumukumbutsa kuti sunamulandire."

Amalume anakhala pansi pomwepo, pa dothi, makina ali pamiyendo. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe.

Yusufu atabwera kuntchito n'kumva, nkhope yake inawala, poti anaona njira yachidule.

"Bambo, ndiye nkhani yaphweka. Inu nomwe mumanena tsiku lililonse kuti amenewa si amasi. Ndikamuuze kuti ndi zachizungu, za magetsi, mwambo sufikako. Adya lero lomwe."

Ine ndinavomereza msangamsanga, pofuna kuti mlandu wanga uthe. Amalume anasisita chivundikiro cha makina ndi chala.

"Ayi," anatero. "Ndi amasi."

Tinayang'anana.

"Zaka makumi atatu anthu adya mkaka wanga, palibe anafunsapo dzina la bambo anga. Mwana uyu waona timabotolo tisanu ndi kamodzi, iye waona khola la ng'ombe. Waona khukhi wogona pamphasa m'nyumba ya mwana wake, iye waona mwini mudzi. Ndiye ndikamuuze kuti walakwitsa, kuti pano palibe mudzi? Yusufu, mbuzi amagulitsa kuti?"

Kuseri kwa waya kunamveka mfuu. "Ndamva ndi makutu anga! Wavomera kuti ndi amasi!"

"Lero lokha, mayi," anayankha amalume osatembenuka.

Loweruka limene ankayenera kunyamuka, anavala mkanjo woyera ndi kofia, nakwera basi ya ku Pumula kumene kunkakhala azakhali ake a Sibongile, alongo awo a bambo ake. MaDube anapita nawo ngati womasulira, ndipo sindikukayika kuti anawonjezeramo zake. Iye ndiye anatiuza kuti nkhalamba yonyada ija inakana mpando, inakhala pansi pakhomo, n'kupepesa m'Chindebele chake chothyokathyoka kuti yasunga mwana wawo ndi njala miyezi itatu chifukwa cha umbuli. Azakhaliwo poyamba anauma nkhope. Anafunsa kuti munthu wamkulu chonchi angakhale bwanji m'dziko la eni zaka makumi anayi osadziwa chinthu chodziwa ndi mwana yemwe. Amalume anayankha kuti zaka zimenezo anazithera m'khitchini ya azungu, ndipo angathe kuwauza mbali imene foloko imakhala, koma za anthu oyandikana nawo akuyamba kuphunzira tsopano.

Kumzikiti nako kunali mawu. Akuluakulu ena anati Che Bwanali akulowa zachikunja. Iwo anawayankha kuti sakupembedza mbuzi, akupereka mphatso kwa mwana wa m'nyumba mwawo, ndipo ngati pali buku loletsa kudyetsa mpongozi, abwere nalo awawerengere. Palibe anabwera nalo, koma awiri mwa iwo sanawapatse moni mpaka mwezi wa Ramadani.

Mbuzi anakaitenga okha kupitirira Tshabalala, wapansi, ndipo anafika thukuta lili kamukamu, osadziwika bwino kuti wakoka mnzake ndani. Lamlungu lotsatira azakhali aja anabwera ndi abale ena awiri. Amalume anagwira chingwe, anaitana Sibongile, nachiika m'manja mwake. Anagwirizana kuti ozinga mbuziyo akhale amalume, mwa Chisilamu, kuti tonse tidye nawo. Azakhaliwo anati nawonso ali ndi mawu oti anene kwa makolo awo kuseri kwa nyumba. Amalume anapita kumpopi kukasamba m'manja, ndipo anasamba nthawi yaitali ndithu, mpaka mawuwo anatha.

Nyama itapsa, anayala mphasa pabwalo n'kukhazikapo Sibongile. Ine ndinabweretsa timabotolo pa thireyi, koma amalume anapukusa mutu. Analowa okha m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo ka ulusi wofiira. Amalume anagwada, mawondo akulira, anatunga supuni imodzi ya mbewu ija imene sinalawidwepo ndi munthu, naipereka pakamwa pa mpongozi wawo. Sibongile anameza, nkhope inachita tsinya pang'ono poti mbewu imawawasa kuposa zinazo, kenako misozi inangoyamba kutsika. Kwa nthawi yoyamba anawayang'ana kumaso.

"Baba," anatero, m'Chichewa chimene sitinkadziwa kuti wakhala akuphunzira, "ine ndimaganiza kuti simundifuna."

"Inenso, mwana wanga," anatero amalume. "Inenso ndimaganiza choncho."

Ndinalira kuposa onse, mwina chifukwa ndinali ndi chifukwa china. Madzulo ake ndinamupeza Sibongile akutsuka mbale n'kumuuza zonse zimene ndinanena. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nandipatsa nsalu yopukutira mbale. Kuyambira tsikulo ndi mlamu wanga weniweni, ndipo ndikayamba kuweruza anthu ndisanawafunse amangondiyang'ana, ine n'kutseka pakamwa.

Ndiye Lamlungu lapitali, alendo a sadaka atabalalika, ndinalowa m'khitchini n'kumufunsa ngati mu mtsuko mwatsala kabotolo, poti pakhosi panga pankafuna.

"Mlamu, makina sindinayatse chiyambire tsiku limene bambo anatisiya," anatero. "Kwathu bambo ako akamwalira, amasi umayamba wasiya."

"Koma kwanu si masiku ochepa chabe?"

"Kwathu inde. Koma masiku a bambo anga ndi makumi anayi."

"Nanga mbewu?"

"Inasasa sabata yoyamba. Ndinkadziwa kuti isasa."

Amalume akanamva akanakalipa mpaka MaDube kutulukira pa waya. Akanakalipa, kenako akanapita kuseri kukapukuta maso, chifukwa pa anthu onse amene tinadya mpunga wa sadaka yawo, amene anawalira ngati mwana wobala ndi mtsikana wa ku Kezi uja.

Pansi pa zenera la khitchiniyo pali thabwa limene anakhoma okha pafupi ndi soketi. Makina ali pamenepo, ozizira, timabotolo tili chozondoka pa kansalu. Pambali pali kampando kawo kopanda chotsamira, ndipo pakhoma, pamene ankatsamiritsa mutu podikira mkaka, pali banga lakuda, losalala, lalikulu ngati chikhatho. Yusufu anagula laimu kuti nyumba iyere alendo a sadaka asanafike, ndipo anapaka zipinda zonse. Atafika pamenepo, MaNcube anaima kutsogolo kwa khomalo n'kumuuza kuti burashi idutse m'mbali.